Usabise Mayeso Oyamba Aja, Tamanda

Tamanda mwana wanga,

Ndakhala pansi masana ano kuti ndikulembere, chifukwa ine ndi iwe tikayamba kukambirana pakamwa nkhani sitha bwino. Ine ndimayamba m'Chichewa, iwe umayankha m'Chingerezi, kenaka mawu amakwera, bambo ako n'kunyamula jekete ati akukaona ngati galimoto anaitseka. Ndiye lero ndasankha pepala. Ndalemba m'Chichewa dala, usandinene. Ndikudziwa kuti uwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, ndipo n'zimene ndikufuna. Pomwe usamve ukafunse azakhali ako, koma masamba omalizawo uwerenge wekha.

Ndatopa, mwanawe. Ndagwira masiku anayi otsatizana ku wodi ya okalamba, mapazi atupa moti ndawaviika m'beseni pansi pa tebulo pano. Panja mvula ya kuno ku Salford ikungowaza monga mwa masiku onse, mvula yopanda ntchito, yosameretsa kanthu. Sutikesi yako ili pakhomo la chipinda, yotseka kale. Mawa m'mawa ukukwera sitima ya ku Liverpool kukayamba ntchito ya chaka chimodzi ija ku labu ya sayansi, n'kumakhala kwa azakhali ako. Aliyense akundiuza kuti Liverpool ndi pafupi, ola silikwana n'komwe. Ndikudziwa. Koma wapakira ndi mabuku omwe, ndiye asandinamize kuti ukungopita kokacheza.

Chandikhazika pansi ndi nkhani ya mafomu a mayunivesite a ku Amerika aja. Akuyenera kutumizidwa m'masabata ochepa akubwerawa, ndipo udzawatumiza uli kutali ndi ine. Ndibwereze mmene ndamvera, kuti ngati ndasokoneza undikonze. Mayeso awo aja, a masamu ndi kuwerenga, unalemba katatu. Ulendo woyamba zinavuta mbali zonse ziwiri. Ulendo wachiwiri masamu anakwera kwambiri, kuwerenga n'kutsalira. Ulendo wachitatu kuwerenga kunakwera, masamu n'kutsikako pang'ono. Masukulu amene ukufuna alipo atatu. Yoyamba imati tumizani zimene mukufuna, ife titola zabwino mbali iliyonse. Yachiwiri imati kaya mutumiza kaya simutumiza, zili kwa inu. Yachitatu, ya nsanja ya njerwa zofiira ija, yomwe wakhala ukutisokosera nayo chiyambire uli ndi zaka khumi ndi zinayi, imati tikufuna zotsatira za ulendo uliwonse umene munalemba, osasiyako ngakhale umodzi.

Lamlungu lapitali tikutsuka mbale unandiuza kuti yachitatuyo waisiya. Unanena mopepuka ngati ukunena za nsapato yothina. "It's fine, Mum, sindinkaifuna kwenikweni." Tamanda, ndinakubereka ndine. Ukamanama umapukuta mbale youma kale, ndipo tsiku limenelo mbale imodzi unaipukuta mpaka inatsala pang'ono kubooka. Kenaka unaonjeza kuti mnzako wina wakuuza zoti ukhoza kungotumiza maulendo awiri abwinowo, woyambawo n'kuukhalira chete, sangadziwe. Ndiye m'mutu mwako muli njira ziwiri, kuisiya sukuluyo kapena kuibisira. Zonse ziwiri ndikuzikana. Sindikukana chifukwa ndine wanzeru. Ndikukana chifukwa njira zimenezi ndinayendamo, ndipo mpaka lero ndikutsimphina nazo.

Ndiyambe ndi kubisa. Unandifunsapo uli wamng'ono chifukwa chake agogo ako pafoni amandiitana kuti Felesiya pomwe pa baji yanga ya kuntchito palembedwa Agnes. Ndinakuyankha kuti ndi dzina la kunyumba chabe. Ndinakunamiza. Felesiya ndi dzina langa lenileni. Nditalemba mayeso a Sitandade 8 ulendo woyamba sindinasankhidwe kupita ku sekondale. Nthawi imeneyo kwathu ku Ntchisi aliyense ankakhulupirira kuti mwana wobwereza sasankhidwa, ngakhale akhoze chotani, ndiye ambiri ankakabwereza ku sukulu ina ndi dzina lina kuti aoneke ngati akulemba koyamba. Amalume anga anabwera kunyumba, anakhala pakhonde ndi agogo ako aamuna, nkhani n'kutha ine ndili kumadzi. Ananditumiza ku sukulu ya tsidya lina la dambo ndi dzina la msuweni wanga Agnes, amene anali atasiya sukulu. Sabata yoyamba aphunzitsi akaitana mayina ine ndinkangokhala duu, mpaka wina anditsine. Ndinakhoza, ndinasankhidwa, kunyumba kunali nthungululu. Palibe anaganiza zoti dzinalo sindidzalivulanso.

Satifiketi ya Folomu 4 inatuluka ya Agnes. Ya unamwino, Agnes. Tsiku la ukwati abusa anafunsa Agnes ngati akulola, azakhali anga ena kumbuyo n'kumafunsana kuti kodi tabwera ku ukwati wa yani. Pamene ndinkakonza mapepala obwerera kuno, khadi la ubatizo linkanena zina, masatifiketi zina, ndipo ndinayenda maofesi a ku Lilongwe mpaka zidendene kung'aluka, kulumbira uku ndi uku kuti anthu awiriwa ndi munthu mmodzi. Mtima unkagunda nthawi iliyonse kalaliki akayang'anitsitsa pepala. Agnes weniweni alipo mpaka lero, amagulitsa tomato pa msika wa kwathu. Ndikapita kumudzi amandilonjera akuseka, "Mwafika liti, a ine?" Anthu amaseka, inenso ndimaseka nawo. Zonsezi chifukwa cha mayeso amodzi a mwana wa zaka khumi ndi zitatu amene akuluakulu anaganiza kuti asaoneke.

Ndiye zobisa zija uzichotse m'mutu. Pansi pa fomuyo umasaina kuti zonse walembazo n'zoona. Mwina sangadziwe, mnzakoyo akhoza kukhala kuti akulondola. Koma iwe udzadziwa. Udzakwera ndege uli nazo, udzalowa m'kalasi uli nazo, ndipo kalata iliyonse yochokera ku ofesi ya sukulu udzaitsegula mwamantha. Ndipo akadzadziwa, malowo akhoza kukulanda uli kale komweko, mabulangete utagula. Sukulu ikati tikufuna zonse, uipatse zonse. Wamva, Tamanda? Zonse zitatu.

Tsopano za sukulu yoyamba ija, yotola zabwino mbali iliyonse. Ndinakumva ukuuza bambo ako kuti ukufuna kungotumiza ulendo wachitatu wokha chifukwa pa wachiwiri kuwerenga kukuchititsa manyazi, kapena ulembenso kachinayi kuti upeze pepala limodzi loyera mbali zonse. Matenda amenewa ndi akumtundu, wawatengera kwa ine. Nditafika kuno sindinayambe ndi unamwino. Ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba ina ku Liverpool komweko, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa, podikira kuti ndikhoze mayeso a Chingerezi amene anamwino ochokera kunja amalemba. Iwe ndi bambo ako munali mukadali ku Lilongwe, ndipo tinagwirizana kuti mubwere ndikalandira chilolezo cha unamwino. Mayesowo ali ndi mbali zinayi, kumva, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula. Ulendo woyamba ndinakhoza zitatu, pa kulemba n'kuperewera kachidutswa kakang'ono. Ulendo wachiwiri kulemba ndinakhoza, kumva n'kuperewera kachidutswa komweko, chifukwa munthu wa pa tepiyo ankalankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Mapepala onse awiri ndinawapinda n'kuwaika pansi pa matiresi. Ndinalembanso kachitatu. Ndinalembanso kachinayi. Ulendo uliwonse china chikakwera china chinkatsika.

Amene ananditsegula maso ndi mnzanga wina wa ku Zambia, Mayi Mulenga, tikudikira basi pamvula. Anandifunsa mamalikisi anga onse, ndinamuuza monyinyirika, iye n'kundiyang'ana ngati ndamutukwana. "Imwe amake Tamanda, muli na nzelu koma simuwerenga. Pa nthawi ino amalola kuphatikiza mapepala awiri ngati ali pafupi-pafupi. Munapasa kale-kale imwe!" Ndinafika kunyumba, ndinatsegula malamulowo ndekha, ndipo zinali momwemo, zolembedwa poyera. Ine ndinkangomvera za pa gulu la pafoni la Amalawi anzathu, kumene aliyense ndi loya. Komanso, ndinene zoona, ndinali ndi matama. Ndinkafuna pepala limodzi lopanda banga loti ndikalionetsa anthu agome. Pofika nthawi imeneyo mapepala awiri oyamba aja anali atapitirira nthawi yololedwa, ndiye ndinachita kulembanso. Chaka chathunthu ndi miyezi chinapita. M'chaka chimenecho mano ako akutsogolo anaguluka ine kulibe, unayamba sukulu ine kulibe, ndipo tsiku lina pafoni unandiitana kuti anti. Ndinalira m'chimbudzi cha kuntchito, kenaka ndinasukusula n'kukapitiriza kudyetsa agogo ena phala.

Choncho kwa sukulu yoyambayi tumiza ulendo wachiwiri ndi wachitatu, onse awiri. Anena okha kuti atola masamu kuno, kuwerenga uko. Asiye agwire ntchito yawo. Usawasankhire iwe pochita manyazi ndi nambala imene iwo alonjeza kuti saiwerengera. Za kulemba kachinayi ndakana, thupi lako latopa ndipo ntchito ya ku labu ikudikira. Ndipo malamulo a sukulu iliyonse uwerenge wekha, ndi maso ako, pa tsamba lawo lenileni. Osati za mnzako, osati za pa gulu, osati za ine ndemwe. Zinthuzi zimasintha chaka ndi chaka. Pomwe pasamveke uwalembere, uwafunse. Kufunsa sikuchotsa mamalikisi. Werenga wekha, Tamanda.

Sukulu yachiwiri, yoti kaya utumiza kaya ayi, ndi imene ndinavutika nayo kuimvetsa, chifukwa ife kwathu timadziwa kuti pepala lililonse limene uli nalo umapereka. Tsiku limene ndinkakafunsidwa mafunso a ntchito ku chipatala china ku Manchester ndinanyamula envulopu yonse ya pulasitiki. Anandipempha mapepala atatu, ine ndinakhuthula onse patebulo: la unamwino, la Folomu 4, la Folomu 2, la kutayipa, mpaka la msonkhano wa makwaya. Mayi wofunsa mafunsoyo, mzungu waulemu wake, anayamba kuwatembenuza limodzi-limodzi kuti asandikhumudwitse. Maso ake anakagwera pa sayansi ya Folomu 4 imene ndinangodutsa mokwawa. Anafunsa kuti apa panachitika chiyani. Ndinayamba kufotokoza za labu yathu yopanda zipangizo, za aphunzitsi amene anachoka pakati pa chaka, thukuta lili kamukamu, nthawi n'kumapita. Za zaka zanga zonse za ku wodi ya ana, zimene ndikanawagometsa nazo, sitinazifike n'komwe. Ntchito imeneyo sindinaipeze. Palibe anandifunsa za sayansi ija, ndinaibweretsa ndekha.

Ndiye umve kusiyana kwake, chifukwa ndikudziwa uzati amayi akudzitsutsa. Munthu akakufunsa iwe n'kukana kuti ulibe, kumeneko ndi kubisa. Munthu akanena yekha kuti bweretsa ngati ukufuna, iwe n'kusiya, sunaname. Sukulu zimenezi zimalemba poyera mamalikisi a ana amene zinawatenga chaka chatha. Uyang'ane pamenepo ndi mtima wozizira. Ako akakhala ali m'mwamba mwa gululo, tumiza. Akakhala ali m'munsi, usatumize, zotsatira zako za kuno ndi makalata a aphunzitsi ako zikulankhulire. Pankhani ya manambalayi bambo ako usawafunse. Ukukumbukira tsiku lija unabweretsa mapepala awiri iwo n'kuloza la nambala yaing'ono ati ili ndiye labwino? M'mutu mwawo akadali ku Folomu 4 ya kwathu, kumene mapointi ochepa ndiye kukhoza. Ndi munthu wabwino, adzakunyamulira katundu mpaka pa sitima, koma izi uwasiye.

Ndapuma pang'ono, ndathira madzi ena otentha m'beseni. Zimene zatsalazi ndi zimene ndakhala ndikuzizungulira kuyambira tsamba loyamba. Zinazi ukanatha kuzimva kwa aphunzitsi ako. Izi ungazimve kwa ine ndekha.

Dzulo bambo ako pobwera kokugulira zofunda anandiuza zimene munakambirana m'galimoto. Usawakwiyire, ndinachita kuwapanikiza. Akuti pa fomu ya sukulu ya nsanja ija pali malo olembapo ngati panali vuto lina pa nthawi ya mayeso. Akuti aphunzitsi ako anakuuza kuti mamalikisi ako anakwera kwambiri kuchokera pa ulendo woyamba kufika pa enawo, ndipo ukangofotokoza mwachidule chimene chinachitika tsiku loyamba lija, anthu a kumeneko akhoza kumvetsa. Ndipo akuti iwe unayankha kuti sungalembe. Unati, "Dad, sindingauze anthu achilendo zoti amayi anga anachita zimene zija. Adzawaona ngati opusa kapena ankhanza. Bola ndisiye." Bambo ako atanena mawu amenewa ndinali ndikusenda anyezi, ndiye ndinali ndi ponamizira misozi. Koma iwo anadziwa, anangotuluka.

Popeza iwe wakhala chete zaka ziwiri, ndinene ndine, ndi dzanja langa, kuti zikhale papepala. Ulendo woyamba uja sunali wokonzeka, ndipo unandiuza. Unati tidikire miyezi ina chifukwa unali pakati pa mayeso oyeserera a kusukulu kwanu. Ine sindinamve. Lamlungu lina kutchalitchi Mayi Chimwaza anaimirira kupereka umboni woti mwana wawo wakhoza mayeso omwewo, anthu anaomba m'manja, ena anavina, ndipo ine ndinaombanso m'manja mtima ukuwawa. Potuluka ndinauza amayi anzanga kuti Tamanda nayenso akulemba mwezi wamawa. Unali usanalembetse n'komwe. Ndinafika kunyumba n'kukulembetsa tsiku lapafupi limene linalipo, kuti pakamwa panga pasaoneke pabodza. Imeneyo inali nsanje, mwana wanga, ngakhale ndinaipatsa dzina loti chikhulupiriro.

Nditaona kuti nthawi yowerenga yachepa, ndinati tisale kudya masiku atatu kuti Mulungu atsegule mutu wako. Abusa sanatiuze zimenezi, usawaike m'mlandu. Ndinaganiza ndekha, chifukwa kwathu tikakhala ndi chinthu chachikulu patsogolo timatero, ndipo amayi anga ankatero ine ndikamalemba mayeso. Chimene ndinaiwala n'chakuti amayi anga ankasala okha. Ine wolembayo ankandiphikira phala la nsinjiro m'mamawa. Koma ine ndinakusalitsa iwe wolemba, Lachinayi, Lachisanu, ndi Loweruka lomwe, tsiku la mayesolo. Ndinati tidzamasule ukatuluka. Unandiyang'ana, unafuna kulankhula, kenaka unangoti chabwino. Unapita kusukulu masiku awiri ndi botolo la madzi lokha, madzulo n'kumadya kachipatso. Ndine namwino, Tamanda. Tsiku lililonse ndimakalipira odwala kuti asamwe mankhwala m'mimba mulibe kanthu. Ndimadziwa chimene njala imachita m'mutu mwa munthu. Ndinakutumiza kukakhala maola onse aja pa masamu m'mimba mulibe kanthu.

Pali china chimene ngakhale bambo ako sakuchidziwa. Ine sindinamalize kusalako. Lachisanu masana ku wodi kunali kothina, tinali operewera, njala inandigwira ndikutembenuza wodwala. Pa nthawi yopuma ndinalowa m'kachipinda kathu, ndinamwa tiyi wa shuga wambiri ndi mabisiketi anayi. Ndinadziuza kuti Mulungu amvetsa chifukwa ndikugwira ntchito yolemetsa. Sindinaganize zokuimbira foni kuti nawenso udye. Madzulo ndinafika kunyumba n'kukufunsa ngati wapirira, iwe unati eya, ine n'kuti wachita bwino, tilimbe. Ndinagwada nawe pamodzi kupemphera, shuga akadali m'mano.

Loweruka ndinakudikira panja pa holo. Unatuluka milomo itatuwa, ukuyenda ngati ukuponda pa thonje. Pa siteji ya tramu, kasitima ka m'tauni kaja, unakhala pansi penipeni, pa simenti yonyowa, ndipo mayi wina wachizungu anafunsa ngati aitane ambulansi. Ndinamuyankha kuti ndine namwino, mwanayu ali bwino, wangotopa. Unandiuza pambuyo pake kuti chapakati pa mayeso manambala anayamba kuyenda papepala ndipo mafunso ambiri omalizira unangowasiya. Zotsatira zitatuluka, ukukumbukira chimene ndinanena? Ine ndikukumbukira. Ndinati, "Ndiye ndikawauze chiyani anthu kutchalitchi?" Sindinafunse za iwe. Unalowa m'chipinda, unatseka chitseko pang'onopang'ono, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi sitinaitchulenso. Maulendo awiri enawo unalembetsa wekha, unawerenga wekha ku laibulale, tsiku lake unandiuza utalemba kale. Ndinadziwa chifukwa chake.

Kwathu kholo silipepesa kwa mwana. Likalakwa limangoonjezera ndiwo m'mbale. Ukaganiza bwino uona kuti zaka ziwirizi chiwalo chachikulu cha nkhuku chakhala chikugwera kwa iwe, bambo ako n'kumadandaula. Ndinkayesa kuti wamva. Mwina unamvadi. Koma lero ndazindikira kuti sizinakwane, chifukwa pamene ine ndimadziona ngati ndapepesa, iwe ukukonzeka kutaya sukulu ya mtima wako kuti unditchinjirize. Wasanduka kholo, ine n'kukhala mwana wobisidwa kumbuyo. Zimenezi zandichititsa manyazi kuposa chilichonse chimene mzungu wa ku ofesi angaganize za ine.

Ndiye tamvera. Pamalo aja a pa fomu ulembepo. Usachulutse mawu, usalire, usakometse. Ulembe kuti ulendo woyamba unalemba usanakonzeke, ndiponso utasala kudya masiku atatu chifukwa mayi ako anakuuza kutero pa zifukwa za chipembedzo, ndipo unadwala uli m'mayeso. Ulembe kuti maulendo enawo unakonzekera wekha, ndipo zotsatira zake azione okha. Basi. Usalembe kuti unali ndi chimfine, usalembe kuti kunyumba kunali maliro, limenelo ndi bodza lina longovala bwino. Ulembe kuti anali mayi ako. Akandiona wopusa, andione. Sandidziwa, sadzakumana nane, ndipo pa nkhani imeneyi adzakhala kuti sakulakwitsa. Chikhulupiriro changa sindikuchita nacho manyazi, ndidzasalabe kudya mpaka imfa. Chimene ndikuchita nacho manyazi ndi nsanje ija ndi tiyi uja, ndipo zimenezo ndi katundu wanga, si wako.

Sindikukulonjeza kuti akutenga. Sukulu zimenezi zimakana ana ambiri okhoza bwino, ndipo mwina adzawerenga zonse n'kukanabe. Zikatero tidzalira sabata imodzi, kenaka udzapita kwina, moyo udzapitirira. Zimenezo ndikhoza kuzipirira. Chimene sindingapirire n'choti ndidzakalambe ndikudziwa kuti sanakukane ndi iwo, unadzikana wekha chifukwa cha ine. Ndatopa ndi zambiri, mwanawe. Ndatopa ndi kuzizira, ndi mashifiti, ndi mabasi ochedwa, ndi kumwetulira anthu amene satha kutchula dzina la bambo ako. Ndilibe mphamvu zosenzera chimenechi pamwamba pa zonsezo. Usandisenzetse.

Mawa pa siteshoni sindilankhula zambiri, ukundidziwa. Ndidzakuuza zoti uvale sikafu, zoti uzithandiza azakhali ako ntchito za pakhomo ndipo usamawayankhe m'Chingerezi akamakukalipira, zoti uziimba foni Lamlungu. Ukamadzamva zimenezo udziwe kuti mawu enieni ali muno. Ndinakulakwira, Tamanda. Unali mwana womvera, ndipo ine ndinagwiritsa ntchito kumvera kwako molakwika. Pepa, mwana wanga. Pepa kwambiri.

Tumiza zonse zitatu, ulembe zoona, dzina langa usaliteteze. Ukatumiza undiimbire, ngakhale ndili ku wodi ndidzatuluka. Ndipo tsiku lotumizalo, usanakhudze kompyuta, uyambe wadya. Kusala ndisala ndine, ndipo ulendo uno ndimaliza.

Ndine mayi ako.